Chala Chimene Amayi Anadinda

Kuseri kwa nyumba yathu, m'bafa la udzu, munali mwala wokwechera ming'alu ya kumapazi. Unali wotuwa, wokhakhala ngati lilime la ng'ombe, ndipo mbali imodzi inali itasalala ndi zidendene za amayi. Ndikatsinzina lero ndimauona uli pakona, pambali pa kachidutswa ka sopo, ndere zitamera kunsi kwake. M'dzinja la chaka chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, amayi anaupatsa mwala umenewo ntchito imene si yake. Anakwecha nawo zala zanga zonse khumi mpaka magazi.

Ine sindinabadwe wosamva. Ndinamvapo tambala, ndinamvapo belu la kutchalitchi, ndipo mawu a amayi ndikuwakumbukirabe, okhuthala pang'ono, othawira ku Chilomwe akapsa mtima. Makutu anapita ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Malungo anandikwera kumutu, ndinakomoka, anathamangira nane kuchipatala cha mishoni, ndipo nditatsitsimuka ndinapeza anthu onse akungoyendetsa milomo popanda kanthu kotuluka. Kuyambira pamenepo ndimamva ndi maso. Munthu akandiyang'ana n'kulankhula modekha, ndimawerenga milomo yake. Akatembenuka ndiye kuti wanditsekera kunja. Amayi ankazidziwa zimenezi, moti ngakhale akalipe chotani sankandifulatira.

Pali kanthu kena kamene anthu akumva amachita osadziwa. Akalephera kucheza nawe amakupatsa chodya. Amalume, amene ankatiyang'anira chifukwa abambo anali atalowera ku Limbe osabwerako, ankakonza njinga pamsika wa Namitambo, ndipo sankafika pakhomo opanda maswiti m'thumba la malaya. Ankandigwira pamutu, n'kutsegula pakamwa ngati anena kanthu, kenako n'kugwira njakata, dzanja n'kulowa m'thumba. Mayi wina woyandikana nafe ankandiitana ndi dzanja n'kundipatsa nzimbe. Wogulitsa zitumbuwa ankandiwonjezera chimodzi. Chisoni cha mudzi wonse chinathera m'kamwa mwanga, ndipo ine sindinkakana, ndikanenso bwanji poti n'zotsekemera. Zoti mano amafuna mswachi panalibe amene anadziwa kundifotokozera.

Ndinali nditayamba sukulu ya ana osamva, yogonera konko. Kumeneko ndi kumene manja anga anaphunzira kulankhula. Aphunzitsi athu anali bambo wamtali woonda, wa zala zazitali zokhala mbuu ndi choko, ndipo akamafotokoza kanthu nkhope yonse inkagwira ntchito. Kwa ine sukulu ija inali malo okhawo kumene munthu ankandifunsa funso n'kudikira yankho.

Tsiku lina Lachisanu kunabwera alendo ovala makhoti oyera. Anatikhazika pamzere pakhonde. Woyamba anali ndi kabokosi ka inki. Ankagwira chala chimodzichimodzi, kuchigudubuza pa inki, n'kuchigudubuzanso papepala. Inkiyo inali yozizira, yonunkha ngati polishi wa nsapato. Atatha anationetsa zidindo zathu pa galasi lokuza zinthu, ndipo tinadabwa kuona kuti sizinali zofanana. Ena timizere tawo tinkazungulira ngati chigoba cha nkhono, ena tinkapinda n'kubwerera komwe tachokera, ena tinkangokwera n'kutsika. Aphunzitsi anatifotokozera ndi manja kuti khungu la kuzala ndi mano zimaumbika nthawi imodzi mwana ali m'mimba, ndiye alendowo ankafuna kudziwa ngati ana a timizere tamtundu wina mano awo amaola msanga. Kaya anapeza zotani, mpaka lero sindikudziwa. Zanga zinali za nkhono pafupifupi zonse ndipo mano anga anali obooka, koma ndikanakhala woweruza ine ndikanayamba ndagwira thumba la amalume.

Mlendo wachiwiri anali mtsikana wa kagalasi kakang'ono kolowetsa m'kamwa. Atafika pa dzino lam'mwamba, lakumapeto kumanzere, anagogoda ndipo ine ndinadumpha. Anachita tsinya, n'kuitana aphunzitsi. Aphunzitsi anandiuza ndi manja kuti dzinolo laola kwambiri, alendowo abweranso sabata yamawa ndi zida kudzalikonza, ndipo ndisasowe.

Tsiku limenelo tonse tinakana kusamba m'manja. Zala zakuda zija tinkaziona ngati zodzikongoletsera. Ine ndinachita kudya ndi supuni kuti inki isachoke.

M'mawa mwake, Loweruka, amayi anabwera kudzandiona atasenza kabeseni ka makaka ophika ndi nandolo, komanga m'kansalu. Ndinawathamangira, ndipo m'malo mowalandira katundu ndinatambasula manja onse awiri pamaso pawo kuti aone. Ndinkayembekeza kuti aseka. Kabeseni kanagwa, makaka n'kumwazika m'matope. Anandigwira pamkono mwamphamvu mpaka zikhadabo kulowa, n'kuyamba kundikoka kupita kuchipata. Aphunzitsi anatithamangira. Ine ndinali pakati, maso uku maso uku, kutola zimene ndikanatha pamilomo yawo.

"Mayi, musachite mantha, ndi za mano izi."

"Mano ali m'kamwa, aphunzitsi. Kuzala akufunako chani?"

"Tinafotokoza pamsonkhano wa makolo."

"Ine ndinali ku ganyu."

Bulangete langa ndi yunifolomu zinatsala komweko. Tinayenda wapansi mpaka kwathu, osapuma, dzanja la amayi osachoka pamkono panga.

Titafika amayi sanalowe m'nyumba. Anandikokera kubafa, kundigwaditsa, n'kutenga mwala uja. Anayamba ndi chala chachikulu chakumanja. Sopo analowa m'mabala, madzi a m'chidebe anayamba ada kenako anafiira. Ndinakuwa, ndipo ndikudziwa kuti ndinakuwa kwambiri chifukwa kukhosi kunandiwawa mpaka mawa lake, koma amayi sanasiye. Misozi inali chuchuchu m'masaya mwawo, milomo ikuyenda mofulumira m'Chilomwe chimene sindinkatha kuwerenga. Ndinaganiza kuti ndalakwa chifukwa cha uve. Ndinkangoti, "Pepani amayi, ndizisamba, ndizisamba."

Chifukwa chenicheni ndinadzachidziwa nditakula. Amayi sanapite kusukulu, dzina lawo sankatha kulemba. Ndipo kumtundu kwathu chala sichinkadindidwa mwachibwana: makolo athu amene anachokera ku Mozambique n'kudzakhala pa esiteti ya azungu anasiya mawu akuti munthu akakupaka inki ndiye kuti pali chimene akukutenga. Amayi anali atadindapo kamodzi kokha m'moyo mwawo, tsiku lija ndinakomoka ndi malungo. Achipatala anafuna chilolezo, iwo anadinda, ndipo mwana anabwerako wamoyo koma wopanda makutu. Anawafotokozera kuti ndi matendawo amene achita zimenezo. Amayi anavomera ndi mutu, koma mumtima anawerengera mwawomwawo: chala chimodzi, makutu awiri. Tsono apa mwana yemweyo wawatambasulira zala khumi, zonse zakuda bii. Anzanga ena ndikawafotokozera nkhaniyi amaseka umbuli wa amayi. Ine sindiseka nawo.

Dzino lija silinadikire kuti akuluakulu amvane. Linayamba ndi kunyung'unya ndikamwa madzi ozizira, kenako linayamba kugunda lokha, ngati wina akusinja m'mutu mwanga osatopa. Munthu wosamva ululu umamupeza ali yekha, chifukwa palibe phokoso lina lomuiwalitsa. Mvula inkagwa tsiku ndi tsiku, ndinkaiona ikutsika pa udzu wa denga, ine nditakhala pamphasa, tsaya lili m'dzanja, zala zokulungidwa m'tinsanza.

Amalume anayesa nzeru zawo zonse. Anafinyira fodya wa chingambwe m'bowo la dzino, ndinasanza. Anawotcha njere za nthula pa phale, kundifunditsa chitenje, n'kundiuza kuti ndiyasamulire utsiwo kuti tizilombo ta m'dzino tigwere m'mbale ya madzi. M'mbalemo munagweradi tinthu toyera, ndipo amalume anationetsa monyadira, koma dzino linapitiriza kusinja. Zonse zitakanika anandigwira pamutu, kutsegula pakamwa, kugwira njakata, dzanja n'kulowa m'thumba. Anandipatsa switi. Mulungu awakhululukire amalume, anali munthu wabwino.

Pakati pa sabata aphunzitsi anabwera panjinga, thalauza lili matope okhaokha. Amayi anawaimitsa kumapeto kwa bwalo, osawapatsa ngakhale mpando. Ine ndinasuzumira pazenera. Aphunzitsi atandiona anakweza dzanja pamwamba pa phewa la amayi n'kundifunsa za dzino. Ndinayankha kuti likupweteka, ndikufuna kubwerera. Amayi anaona manja akuyenda, anacheuka, n'kuima pakati pathu.

"Musamalankhule ndi mwana wanga zimene ine sindikumva," anatero. Mawu amenewo ndinawawerenga bwinobwino, chifukwa ponena anayang'ana ine.

Aphunzitsi anachonderera kuti alendo aja abwera mawa, akonza kwaulere, sipakhalanso inki. Amayi anangopukusa mutu. Alendowo anabweradi, anakonza mano a anzanga, n'kupita kwawo. Ndinamva ngati basi yandisiya pasiteji ndikuiona, ndipo ndinadana nawo amayi masiku amenewo, kudana nawo kwenikweni.

Kenako tsaya linayamba kutupa. Linauma gwa, lotentha, khungu lonyezimira. Nsagwada zinakana kutseguka. Phala ankachita kulilowetsa pampata wa mano ndi kasupuni, lambiri n'kutayikira pachifuwa. M'kamwa munkatuluka fungo loti ngakhale ine mwiniwake linkandinyansa. Thupi linatentha. Chotupacho chinakwera m'mbali mwa mphuno, chikope chakumanzere chinayamba kulemera, diso n'kumachepa tsiku ndi tsiku.

Apa m'pamene mantha anandigwira zenizeni. Makutu ndinali nditawalira kale n'kuwaiwala. Koma maso ndiwo anali makutu anga, pakamwa panga, sukulu yanga, amayi anga. Ndinkatseka diso labwinolo ndi dzanja kuti ndiyese linalo, n'kumaona kamzere ka kuwala kokhakokha. Ndinkaganiza kuti likatsekeka ili, kenako linalo, anthu azidzandigwira osadziwa kuti wandigwira ndani.

Amayi nawo anaona diso lija, koma anaona zawo. "Ayamba kutenga," ndinawaona akunena. Ananditengeranso kubafa n'kumasula tinsanza, kufufuza ngati patsala kadontho ka inki m'zikhadabo. Panalibe kanthu, koma anakwechabe pa zipsera. Anandiwaza madzi odalitsidwa, anandiveka kolona yawo m'khosi. Kumunda anasiya kupita, udzu unameza chimanga. Ankangokhala pambali panga, maso ali psuu, akusowa mtengo wogwira.

Amalume anawapirira mpaka anatopa. Ndikukumbukira ali chiimire pakhomo, madzi akudontha pachipewa.

"Achemwali, mwanayu atifera m'manja."

"Achimwene, kumeneko akandiuza kuti ndidinde."

"Ndiye mukadinde!"

"Munalipo inu tsiku lija?"

Amalume anavula chipewa n'kuchifinya.

M'mawa wina ndinadzuka diso lakumanzere litatsekekeratu. Lakumanja linali lodzaza misozi ndi manthongo, ndipo chilichonse chinkaoneka ngati chili m'madzi. Amayi anawerama n'kuyamba kulankhula nane. Ndinkaona kuti pakamwa pakuyenda, koma mawu sankagwirika. Ndinapukuta diso, ndinayesanso, koma ayi ndithu. Ndiye ndinakankha mawu kudutsa m'mano otsekeka aja.

"Amayi, milomo yanu sindikuiona."

Amayi anadzuka, anatenga zitenje ziwiri, n'kundibereka kumbuyo ngati khanda, ine mtsikana wamkulu miyendo ikugunda m'akatumba awo. Amalume anatulutsa njinga kuti atikweze, koma matope ofiira anamata matayala tisanafike patali, moti anangoikankha pambuyo pathu. Pamtsinje madzi anali atadzaza mpaka m'chiuno, ndipo amayi anawoloka atagwira phewa la amalume, madzi ozizira akundikoka mapazi. Tsaya langa labwino linali pamsana pawo. Msanawo unkanjenjemera pang'onopang'ono, ndipo ndinazindikira kuti akuimba, kapena akupemphera. Papita zaka zambiri, koma kunjenjemera kumeneko ndimakumvabe m'tsaya. Ndi njira yokhayo imene ndinamveranso mawu a amayi chiyambire kugontha.

Kuchipatala kunkanunkha mankhwala okolopera pansi. Adokotala anandiyang'ana kamodzi kokha, nkhope n'kusintha. "Munali kuti masiku onsewa?" Funso limenelo ndinaliwerenga ngakhale ndi diso lamadzi, chifukwa analifunsa kawiri. Anati mafinya akulowera kudiso, ayenera kundigoneka tulo, kung'amba chotupacho ndi kuchotsa dzino, lero lomwe.

Anamwino anabwera ndi pepala ndi cholembera. Amayi anabisa manja kumbuyo. Anamwinowo anamvetsa, anatsegula kabati n'kutulutsa kabokosi ka inki, kofanana ndendende ndi ka alendo aja. Ndinaona amayi akubwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma. Amalume anatambasula dzanja kuti atenge cholembera, pakuti iwo ankatha kulemba dzina lawo, ndipo kusainira mwana wa mlongo wawo unali udindo wawo. Amayi anawagwira pamkono n'kulibweza dzanjalo. Anayang'ana ine nthawi yaitali.

Kenako anachita chinthu chimene anali asanandichitepo. Anandifulatira.

Ndinangoona msana wonyowa, duku lopendekeka, ndi fupa la nsagwada likuyenda kunsi kwa khutu. Ankalankhula ndi anamwino, ndipo ankabisa dala kuti ine ndisaone. Ndinalira ndi mkwiyo, ndinamenya bedi ndi chibakera. Nkhope ya anamwino ndinkaiona pamwamba pa phewa lawo. Poyamba inali yotopa, kenako inangoti zii. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono n'kunena mawu awiri okha: "Tamva, mayi." Amayi anapereka chala chachikulu chakumanja, anachiika pa inki, n'kudinda mwamphamvu mpaka pepala kukwinyika.

Nditadzuka m'kamwa munali thonje ndi kukoma kwa magazi. Chinthu choyamba kuona chinali chala cha amayi, chakuda, chikuyenda uku ndi uku pamaso panga kuti aone ngati diso likuchitsatira. Masiku otsatira chotupa chinayamba kuphwa, chikope chinatseguka pang'onopang'ono. M'mawa uliwonse amayi ankanditseka diso lakumanja ndi chikhatho, n'kunyamula kanthu patali: supuni, kolona, chipeso. Ndikatchula dzina lake ankapuma mozama n'kukhala pansi. Zinkanditopetsa. Nthawi ina ndinanama dala kuti supuni ndi mpeni, ndipo nkhope imene anachita inandiletsa kubwerezanso.

Koma chimene chinandipweteka mtima chinali chala chawo. Titabwerera kumudzi, amayi sanachisambe. Akamachapa kapena kutsuka mbale ankachikulunga m'kapulasitiki ka shuga n'kumanga ndi ulusi. Pakudya chinkakhala chili njo m'mwamba, osakhudza ndiwo. Mwala uja unali pomwepo m'bafa, sanaugwire. Inki inazilala yokha patapita milungu, ndipo ndinkawapeza atakhala pakhonde akuchiyang'anitsitsa chalacho padzuwa, ngati munthu amene akuona mbewu zake zikufota. Ine ndinkayang'ana zala zanga za zipsera n'kumadzifunsa kuti kodi inki yanga inali yauve bwanji, yawo n'kukhala yosamalidwa ngati mphete. Ndinaona kuti ndi kukondera basi. Nditabwerera kusukulu Pasaka itadutsa, ndinauza anzanga ndi manja kuti amayi anga mutu wawo suyenda bwino.

Timizere ta kuzala kwanga tinameranso, ta nkhono tomwe tija, osasintha ngakhale kamodzi. Pokatenga chiphaso cha unzika makina anatiwerenga bwinobwino. Dzino lokha ndilo silinabwerere. Lilime langa limapitabe pamalo pake ndikamaganiza.

Amayi tinawaika zaka zingapo zapitazo. Tsiku lometa, anthu atabalalika, amalume anandikhazika pansi pa mtengo wa mango. Anali atakalamba, mano atatha, milomo yovuta kuwerenga, koma anandiyang'ana n'kulankhula pang'onopang'ono, osalowetsa dzanja m'thumba. Anati powabweza dzanja tsiku lija amayi ananong'ona kuti, "Katundu ameneyu ndamuzolowera ine, musamusenze inu." Ndipo anandiuza zimene amayi ananena kwa anamwino atandifulatira.

"Anamwino, ine kulemba sindidziwa, ndiye mumve ndi makutu anu. Ulendo watha ndinadinda, makutu a mwanayu anapita, sindinadandaule kwa munthu. Lero tengani dzino. Tengani mano onse ngati mukufuna. Koma maso okha mumusiyire. Mwanayu amamva ndi maso."

Anamwino atavomera, inki ija inasanduka mboni ya pangano lawo. Amayi ankaopa kuti akaichotsa msanga, mawuwo afafanizika, diso n'kutsekekanso. Podinda paja iwo sankakhulupirira kuti akusaina chilolezo cha mankhwala. Ankakhulupirira kuti akugulitsanso chiwalo china cha mwana wawo, ndipo anatembenuka kuti ndisaone akunenerera mtengo.

Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndi diso limodzi lodzaza misozi. Ndinangoona msana.